Masabata Awiri a Julaye

Kalendala ya kusitolo ya mankhwala ili patebulo,
pakati pa buledi ndi makiyi.
Rayén wazunguliza masiku ndi cholembera chofiira:
masabata awiri a Julaye, basi.
Kuno ku Valparaíso mphepo ya kunyanja idzakhala ikuluma makutu,
koma kumene tikupitako, akuti,
anthu adzakhala thukuta lili kamukamu.

Poyamba tinati Januwale.
Mipikisano yosambira inatilanda.
Tinati Febuluwale,
dokotala anati ndiye mwezi wopala ng'ala m'diso langa lakumanzere.
Tatsala ndi kampata aka,
kopapatiza ngati makwerero a kwathu kuphiri.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinayendetsa chikepe,
kukweza anthu, kutsitsa anthu,
mamita makumi asanu ndi limodzi,
ulendo wanga wonse unathera pamenepo.
Sitima zapadoko ndinkangoziwerenga.

Bambo anga anachokera ku Camogli ali mnyamata,
anagulitsa shuga ndi mafuta pakona mpaka imfa.
Anandisiyira sikelo yadzimbiri
ndi chithunzi cha chitseko.
Kumbuyo analemba mawu amodzi: chobiriwira.
Nambala ayi, dzina la msewu ayi.

Mtsikanayu ali ndi zaka khumi ndi zisanu.
Khutu limodzi ndi langa, linalo ndi la foni.
"Nono, manda tsiku limodzi lokha.
Matchalitchi awiri, osapitirira."
"Iwe uzizimitsa foniyo pakudya."
"Nanga mapu mudzawerenga ndi diso liti?"
Ndangoti kukamwa yasa. Wandigwira pamenepo.

Akufuna tsiku lake yekha ku Genova.
Ndati theka la tsiku.
Wati ndiye mukhale pabenchi, musanditsate.
Tagwirana chanza ngati amalonda a nsomba,
aliyense akuganiza kuti wabera mnzake.

Chatsala ndi kalata.
Mwana satuluka m'dziko popanda siginecha ziwiri.
Mayi ake anasaina kale, ataimirira, akuthamangira kuntchito.
Bambo ake ali kumigodi ya kumpoto,
foni imangoitana, kuitana.
Mwana wanga yemwe, magazi anga.
Lachitatu ndinamulembera mawu anayi
amene sindingawabwereze pamaso pa mdzukulu.
Lachisanu anayankha: ndipita kwa loya Lolemba.
Lolemba lake liti, sananene.

Ndalama zili m'chitini cha mabisiketi.
Ofelia ankaziunjika kuti tidzakonzere denga.
Denga likudonthabe pamwamba pa bedi lake,
mbali imene sindigonako.
Ndaikapo beseni. Andikhululukire.

Usiku wa dzana ndinadzuka kukamwa madzi,
ndinapeza kuwala kukhitchini.
Ndinati ndimukalipire, mawa kuli mayeso a masamu.
Koma chala chake chinkayenda m'misewu ya Camogli,
nyumba ndi nyumba, pagalasi la foni,
chithunzi cha bambo anga chitatsamira botolo la mchere.
Papepala anali atalemba timizere, tisanutisanu.
"Zitseko zobiriwira makumi anayi ndi chimodzi, Nono.
Ndipo mwina anapenta kale."
"Ndiye tikatani?"
"Tikagogoda zonse. Inu muzikalankhula,
ine ndizikamwetulira."

Chitaliyana changa ndi cha kutukwana ndi kuwerengera chenji.
Sindinamuuze.

Chaka chamawa adzakhala ndi wina womudikira pageti ya sukulu,
Julaye adzakhala ndi mwini wake.
Mawondo anganso ayamba kundiwerengera masitepe.
N'chifukwa chake matikiti ndagula dzulo,
kalata isanabwere,
osabwezeka, monga anachenjezera mtsikana wa pakauntala kawiri konse.

Mmawa uno Rayén watsika phiri chothamanga,
yunifolomu ili pekupeku, chikwama paphewa limodzi.
Pakalendala wawonjezera mawu ang'onoang'ono
pansi pa tsiku lonyamuka:
mankhwala a m'maso a Nono,
mpando wa pawindo ndi wanga.